Mtanda pa Ntchafu ya Hatchi

Loweruka limenelo anthu a ku Sorrel Creek anapatsa ng'ombe zawo udzu m'mamawa kuposa masiku onse, chifukwa aliyense ankafuna kuti thu koloko ikamakwana akhale atapeza mpando mu holo ya pasukulu. Kanema wa nkhani ya agogo ake a Orrin Vangstad anali atafika kwawo. Kumizinda ikuluikulu manyuzipepala anali atayamba kale kumuyamikira, ndipo dzina lake linali pa mndandanda wa makanema olimbirana mphotho zazikulu za chaka chimenecho. Koma kuno kumene nkhaniyo inachitikira, anthu ankangomva mbiri. Ndiye eni kanemayo anabwera naye okha, pamodzi ndi chinsalu chachikulu choonetserapo, kuti adzajambulenso nkhope za anthu akumudzi akusangalala.

Orrin anakhala pa mzere wakutsogolo, pambali pa mkazi wake Bernice. Anali mkulu wa mpingo, woweta ng'ombe chibadwire, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza ziwiri. M'thumba la jekete yake munali matikiti awiri a ndege opitira ku mwambo wa mphothowo, kumene ankati akamuimika pamaso pa anthu monga mdzukulu wa ngwazi yeniyeni ya mu kanemayo.

"Taonani bwana wa mu kanema," anatero munthu wina kumbuyo kwake. Anali Emmett Rask, mnzake wa malire amodzi. "Tayi ameneyu si yemwe uja unavala pa maliro a abusa akale? Wakumanga pakhosi ngati mwana wa ng'ombe wopita kumsika."

"Khala pansi mdala iwe," anayankha Orrin. "Vula chipewacho, anthu abwera kudzaona kanema, osati kudzanunkhiza ndowe."

"Ndowe zimenezi ndi za ng'ombe zako zomwe, zimene zinathyola mpanda wanga Lachiwiri."

Awiriwa anakulira limodzi. Mwezi wa May uliwonse ankadinda ana a ng'ombe pamodzi, lero kwa uyu, mawa kwa uyo, Emmett akuponya chingwe, Orrin atagwira chitsulo chamoto. Lamulungu ankaima moyandikana mu kwaya, wina mawu aakulu, wina aang'ono. Koma panali chinthu chimodzi chimene Orrin sanamuuzepo mnzakeyo, ndipo mumtima mwake ankachiwerengera ngati ntchito yake yachifundo pamaso pa Mulungu.

Nkhani ya kanemayo anaimva ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ntchito yake inali yovula agogo ake, a Sivert, jombo akabwera kukhola. Nkhalambayo inkatambasula miyendo pafupi ndi mbaula, nkumagwedeza zala m'masokosi kuti zimve kutentha, kenaka inkayamba.

"Panali anthu awiri," ankatero agogowo nthawi zonse. Anyamata awiri ochokera ku Norway, oweta ng'ombe kutali kumtunda kwa mtsinje, kumene kunalibe munthu wina aliyense. M'chisanu choopsa cha 1887 namondwe wa chipale chofewa anawatsekera m'kanyumba ka mitengo masiku makumi awiri. Ng'ombe zinafa zili chiimire. Mmodzi anadwala, mapazi atauma ndi chisanu. M'mawa wina mnzake uja anatenga mahatchi onse awiri ndi ufa umene unatsala, nkumapita. Wodwalayo anakwawa mpaka pakhomo, ndipo chomaliza chimene anaona chinali mtanda wodindidwa pa ntchafu ya hatchi ukuzimirira m'chipale. Anawiritsa chikopa cha chishalo nkudya. Anasonkhera moto bedi lake lomwe. Kenaka anayenda masiku khumi ndi limodzi motsata mtsinje wouma ndi chisanu, mpaka anthu a njanji anamutola, ndipo anamudula zala zonse za phazi lamanzere. Chisanu chitatha anakumana ndi mnzake uja, mfuti ili m'manja, koma sanawombe.

Akafika pamenepa agogowo ankangolira. Maina sankatchula. Anali bambo ake a Orrin amene anamunong'oneza tsiku la maliro a nkhalambayo kuti, "Wotsala uja anali agogo akowa. Wothawa uja anali Nels Rask. Usadzauze munthu." Nels Rask anali agogo ake a Emmett.

Ndiye zaka zitatu zapitazo, mayi wina wolemba makanema dzina lake Dana Whitlow atabwera kudzafunafuna nkhani zakale, Orrin anamupatsa nkhaniyo ndi lamulo limodzi lokha: maina onse asinthidwe. Dana anasunga lonjezo. Mu kanemayo munalibe Vangstad, munalibe Rask.

Makatani atatsekedwa, chisanu chinadzaza khoma lonse. Anthu anaona ng'ombe zoima zakufa, namva mphepo ikulira ngati mmene ikulirira kwawo, ndipo azibambo ankagwedeza mitu kuti anyamata akumzindawa agwira ntchito. Bernice anagwira dzanja la mwamuna wake. Inafika nthawi ija ya m'mawa. Wothawayo anamanga thumba la ufa, anakwera hatchi imodzi, anakoka inayo. Wodwalayo anakwawira pakhomo. Pamenepo kamera inayandikira ntchafu ya hatchi, pang'onopang'ono, mpaka chidindo chinakula ngati chitseko cha khola.

Unali mtanda woima pamwamba pa uta.

"Ambuye Yesu," anafuula mayi wina kumbuyo. "Ndi cha a Rask."

Kumzinda chithunzi chimenecho anthu ankangoti nchokongola. Koma kuno mwana amadziwa kuwerenga zidindo asanadziwe zilembo. Chidindo ndilo dzina la munthu, lolembedwa ndi moto. Mtanda woima pa uta unali pa chipata cha Emmett, pa chitseko cha galimoto yake, pa ntchafu ya ng'ombe yake iliyonse, ngakhale pa mwala wa manda a mkazi wake. Mipando inalira holo yonse, mitu ikutembenuka.

Orrin anangoyang'ana chinsalu. Sanathe kucheuka. Anali atakumbukira maina, nkuiwala chidindo, iye amene wagwira chitsulo zaka makumi asanu.

Kanemayo anapitirira, ndipo zinaipiraipira. Pamapeto pake ngwazi ija sinatsitse mfuti. Inathamangitsa wothawayo mpaka pakati pa mtsinje, inamuwombera m'mimba, nkumusiya akulira pa madzi oundana, hatchi yachidindo ija itaima pambali pake. Nyimbo inalira, magetsi anayaka, koma panalibe woomba m'manja. Emmett anali ataonera mpaka kumapeto, chipewa chili pabondo. Anaimirira, anachivala, nkuyenda kulowera kukhomo. Anthu anamupatukira njira, ndipo palibe anamuyang'ana kumaso. Atangotuluka, bambo wina anati, "Kani ng'ombe za a Rask zinayamba chonchi."

Dana anathamangira kwa Orrin akumwetulira. "Bambo Vangstad, mwamuona bwanji? Anthu achita kusowa chonena!"

"Agogo sanaphe munthu," anatero Orrin. "Ndinakuuzani kuti sanawombe."

"Ndikudziwa bambo, koma anthu akaona munthu wavutika maola awiri amafuna aone wabwezera. Kukhululuka sikuoneka bwino pa chinsalu."

Orrin anatuluka panja kukafuna Lyle Stroud, amene eni kanemayo anamulemba ntchito yosamala mahatchi. Lyle anali atagwira ntchito ya boma yoyendera zidindo za ziweto zaka makumi atatu asanapume. Anamupeza atatsamira galimoto yake, akumwa khofi wa m'fulasiki.

"Lyle! Wachita chiyani iwe?"

"Bwanji, mahatchi aja sanaoneke bwino? Ubweya ndinausiya dala, kuti azioneka a m'chisanu."

"Usandipusitse. Chidindo chija wajambula ndiwe."

"Ndine, eya. Anyamata akumzinda aja ankafuna kupakapo kamtanda kopanda mwini, ngati ka pa bokosi la mankhwala. Ndinawauza kuti ine ndilipo, hatchi sivala chidindo chabodza. Ndamangitsa anthu angati ine chifukwa cha zimenezo?"

"Ndiye unaona kuti chabwino ncha Emmett?"

"Mahatchi aja mu nkhani yako anali a yani? Si a agogo ako, amene anaberedwa? Ndinatsegula buku, ndinapeza chidindo cha Sivert Vangstad cha chaka chimenecho, ndinajambula. Basi."

"Wapenga. Chathu ndi V wa mzere pansi. Chili pa chipata changa chiyambire dziko."

Lyle anaika kapu pa denga la galimoto, nkutulutsa buku lakale lachikuto chakuda, limene anabwera nalo kuti adzaonetse alendo. Anatsegula, anaika chala chake chokhuthala pa mzere wina. Panali kachithunzi ka mtanda woima pa uta, ndipo pambali pake panalembedwa kuti mwini wake ndi Sivert Vangstad, 1885. M'mphepete, ndi inki ina, wina anawonjezera kuti chaperekedwa kwa Nels Rask mu June 1887, pamodzi ndi ziweto zonse zochinyamula. V wa mzere pansi anali masamba ambiri kutsogolo, mu 1890.

Orrin anawerenga kawiri, milomo ikuyenda.

"Munthu amapereka munda, Orrin," anatero Lyle motsitsa mawu. "Amapereka nyumba. Koma chidindo amafa nacho, ukudziwa wekha. Nanga munthu angatenge dzina lake ndi ng'ombe zake zonse, nkupatsa amene anamusiya kuti afe? Ine ndinadabwa nditaona, koma ntchito yanga ndi zikopa, si mitima ya anthu." Anatseka bukulo, napukusa mutu. "Zoti holo iwerenga chidindo chija ngati cha lero, ndazizindikira pamene mayi uja amafuula. Ndakalamba ine. Ndinayang'ana buku, sindinayang'ane anthu."

Orrin anasiya Bernice kunyumba, nkuyendetsa galimoto yekha kupita kwa Emmett dzuwa likupendeka. Anadutsa pansi pa mtanda wachitsulo wa pachipata, umene anali atadutsapo kambirimbiri osauyang'ana. Emmett anali m'khola loberekera, atavula jekete, akuyala udzu pansi pa ng'ombe yaing'ono imene inali pafupi kubereka koyamba.

"Ngati wabwera kudzapepesa, bwerera," anatero Emmett osatembenuka. "Ndili ndi ntchito. Komanso kupepesa sumatha, umachita ngati ukuwerenga zolengeza za mpingo."

"Ndabwera kudzafunsa. Ndaona buku la Lyle."

Foloko ya udzu inaima m'malere.

"Emmett, agogo anga anapatsa agogo ako chidindo chifukwa chiyani?"

"Kafunse akufa."

"Ndikufunsa iwe."

"Ine ndinaika dzanja pa Baibulo ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Usandichimwitse ndi imvi zangazi."

"Ndiye chilipo chimene unalumbirira."

Emmett anatsamiritsa foloko kukhoma, napita kunyumba. Anabwerako atanyamula thumba lachiguduli, nalikhuthula pa mtolo wa udzu. Munatuluka jombo ziwiri zakale, zouma ngati khungwa. Yakumanja inali jombo ngati jombo ina iliyonse. Yakumanzere inali yaifupi, yobulungira kutsogolo ngati chiboda, yosokedwa ndi ulusi wa zishalo.

"Ine sindinanene kanthu," anatero Emmett. "Jombo sizinalumbire."

Orrin anaitola yaifupiyo. Inali yopepuka. Ndipo ali chiigwirire, manja ake anakumbukira jombo zina, zolemera, zofanana zonse ziwiri, zimene ankazikoka ali mwana. Anaona mbaula ija. Anaona masokosi aubweya, ndi zala zikugwedezeka m'kati mwake, phazi lamanja ndi lamanzere lomwe, iye akuseka. Zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi anali atasunga zinthu ziwirizi m'mutu umodzi, nkhani ya zala zodulidwa ndi zala zogwedezeka, osaziyika pamodzi ngakhale tsiku limodzi. Anangokhala pa udzu paja.

"Mulungu wanga," anatero. "Anali agogo. Wothawa uja anali agogo anga."

Emmett anakhala pambali pake. Ng'ombe ija inabuula, nkugona.

"Popeza wadziwa wekha, imva zotsalazo," anatero Emmett. "Agogo anga sanachite kumusaka. A Sivert anabwera okha, akuyendetsa ng'ombe zisanu ndi zinayi zimene zinapulumuka, ndi mahatchi awiri aja. Anaika chitsulo chodindira pa mapazi a agogo, anagwada, nkunena kuti womba. Mfuti inalidi m'manja. Koma agogo anali atalonjeza Mulungu tsiku lachisanu ndi chinayi pa mtsinje paja, kuti akawatulutsa amoyo, kubwezera adzasiyira Mwini wake. Ndiye anawadzutsa, nadya nawo. Ndipo analamula kuti mwana aliyense wa Rask akamalowa mu mpingo aziuzidwa nkhaniyi, nkulumbira kuti sadzaitulutsa. Ankati chimene wakhululuka suchinena, ukachinena ndiye kuti wachifukula."

"Ndiye zaka zonsezi unkadziwa?"

"Tisanayambe kumeta ndevu."

"Ine ndinkayesa kuti ndikukubisira iwe manyazi."

Emmett anaseka mpaka kutsokomola. "Ndinkadziwa! Nkhani ya chisanu ikangotchulidwa unkandiyang'ana ndi maso achifundo aja, ngati ndine ng'ombe yothyoka mwendo. Malemu mkazi wanga ankachita kunditsina kuti ndisaseke."

"Nanga bwanji sunandiletse za kanemayu?"

"Unati maina asintha. Ndinati musiyeni mdala asangalale, wasangalalapo kangati?"

Orrin anaphimba nkhope ndi manja. Anali ngati mfumu ija ya m'Malemba imene inapsera mtima munthu wolanda kankhosa ka mnzake, osadziwa kuti mneneri akunena za nyumba yake yomwe. Kaya bambo ake ananama dala pa maliro paja, kaya iwonso ankakhulupirira zomwezo, panalibenso womufunsa.

"Mawa ndinena m'tchalitchi," anatero.

"Sunena kanthu. Anthu alankhula mwezi umodzi, atopa."

"Kanemayu apita dziko lonse, Emmett. Adzukulu ako adzapita ndi ng'ombe kumsika zitavala chidindo cha wakuba."

"Agogo anakhululuka. Iwe ndiwe yani woti ufukule?"

"Analumbiritsa a Rask," anatero Orrin, akuika jombo ija pansi mosamala. "A Vangstad sanalumbire."

Bernice anamva nkhani yonse ataima pa tebulo lositira, simbi ili m'manja. Atatha Orrin, anaiika pansi, nkukhala pa mpando ngati munthu wolandira uthenga wa maliro.

"Belu la tchalitchi lili ndi dzina la agogo anuwo," anatero. "Mwana wathu Joanne anatcha mwana wake Sivert. Tikamuuza chiyani?"

"Zoona."

"Mwaganiza bwino, bambo? Mukanena simungabwezenso."

"Bernice, nkhalamba ija inkalira nthawi zonse ikafika pa mfuti paja. Ine ndinkayesa ikukumbukira ululu. Inkaulula. Inasowa munthu wouza, ndiye inkaulula kwa mwana amene ankaivula jombo. Ndipo ine ndinatenga kuulula kwawo nkukupachika pakhosi pa Emmett."

Bernice anadzuka nkutenganso simbi. "Mukavale shati yoyera," anatero. "Yabuluu ija imaonetsa thukuta."

Lamulungu m'mawa Dana anali pakhomo la tchalitchi ndi munthu wake wa kamera, chifukwa anapangana kuti mapemphero akatha adzamufunsa Orrin mafunso pansi pa belu la agogo ake. Orrin anamutengera pambali, namuuza m'mawu ochepa. Nkhope ya mayiyo inayera ngati pepala.

"Bambo Vangstad, chonde. Oweruza a mphotho amaliza kusankha pakangotha masiku asanu ndi anayi. Paliponse talemba kuti iyi ndi nkhani yoona ya agogo anu. Dikirani masabata awiri okha, kenaka mudzanene zonse zimene mukufuna."

"Tasuzumirani m'katimo, mayi."

Dana anasuzumira. Tchalitchi inali itadzaza, anthu atapanikizana mpaka kumbuyo. Koma benchi ya kutsogolo kwa banja la Rask ndi ya kumbuyo kwawo zinali zopanda munthu. Emmett anali atakhala ndi mwana wake, mpongozi wake ndi adzukulu awiri, onse akuyang'ana kutsogolo. Ku kwaya sanapite.

"Masabata awiri ndi Malamulungu awiri," anatero Orrin.

Ulaliki sanaumve. Itafika nthawi ya zolengeza anapita kutsogolo monga mwa masiku onse, nawerenga za msonkhano wa amayi ndi za denga lodontha. Atatha anapinda pepala, koma sanabwerere. Anaona munthu wa kamera uja ataima pakhomo, kamera ataitsitsa.

"Jambula, mwana wanga," anatero. "Ndi zimene unabwerera. Ndipo mukapanda kuonetsa, ndilembera manyuzipepala ndekha."

Kenaka anayang'ana mpingo.

"Abale ndi alongo, dzulo munaona chidindo, ndipo munachiwerenga bwino. Koma munachiwerenga ngati cha lero. Mu 1887 mtanda woima pa uta unali wa Sivert Vangstad. Buku lili kwa Lyle, amene akufuna akaone. Amene anatenga mahatchi ndi ufa nkusiya mnzake kuti afe anali agogo anga. Amene anakwawa, amene anadya chishalo, amene anadulidwa zala, anali Nels Rask. Ndipo sanaphe munthu. Anakhululuka, nkutseka pakamwa pa ana ake ndi adzukulu ake kuti ife tiziyenda mutu uli m'mwamba. Tayenda choncho mibadwo itatu. Ine ndinagulitsa ulemu umene sunali wathu, ndipo ndinachimwira mbale wanga pamaso pa Mulungu ndi pamaso panu."

Buku la nyimbo linagwa pansi penapake, ndipo panalibe wolitola. Abusa anali atatsegula pakamwa. Mayi uja amene anafuula mu holo anagwira pachifuwa ndi manja awiri. Bambo amene ananena za ng'ombe za a Rask anaweramitsa mutu mpaka chibwano chinagunda batani la shati. M'chetemo munkamveka mphepo yokha ikukankha mazenera.

Orrin anatsika, nafika pa benchi ya a Rask. Anatulutsa matikiti aja, nawaika pa bondo la Emmett.

"Mdzukulu wa ngwazi ndi iwe. Pita."

Emmett anawayang'ana ngati wina wamuikira chule pabondo.

"Ndipite kukaonera anthu akuombera m'manja agogo anga akupha munthu? Ndili ndi ng'ombe makumi anayi zoti zibereke ine." Anawabwezera m'thumba la Orrin, nawakanikiza ndi chala. Maso ake anali ofiira. "Ndinakuuza kuti ukhale chete, chitsiru iwe."

"Unandiuza."

"Sunandimverepo chibadwire."

Abusa anapeza mawu awo, nalengeza nyimbo yotsekera. Emmett anaimirira, anagwira Orrin pamkono, namukokera ku kwaya, pa malo awo aja a nthawi zonse. Ndime yoyamba Orrin sanathe kuimba, koma mawu aakulu a Emmett anali pambali pake ngati mzati. Ndime yachiwiri ili m'kati, mayi wa mu holo uja ananyamula chikwama chake nkukakhala pa benchi yopanda anthu ija, kumbuyo kwa mpongozi wa Emmett. Banja lina linamutsatira. Bernice anali atafika kale pa yakutsogolo.

Potuluka belu linalira pamwamba pawo, lomwe lija la dzina la Sivert. Orrin anaima nkulimvetsera, ndipo kwa nthawi yoyamba anadzifunsa chimene chinachititsa munthu wosauka ngati agogo ake kugula belu lalikulu chotero.

Dana anali ataima pafupi ndi galimoto yake, foni ikulira m'manja osaiyankha. Atamuona Emmett anamuyandikira mwamanyazi.

"Bambo Rask, akuti muli ndi jombo za agogo anu. Mungalole kuti tizijambule?"

"Ayi mayi," anatero Emmett mwaulemu, atavula chipewa. "Zaoneka kamodzi, zakwana."

Anatembenukira kwa Orrin. "Kang'ombe kaja sikanabereke mpaka pano. Ndikuona ngati mwana wabwera chammbuyo, ndipo mkono wanga watupa. Wako ndi woonda ngati wa mayi busa. Tiye."

"Ndi shati yoyerayi?"

"Ng'ombe siona shati."

Orrin anamasula tayi uja, namupatsa Bernice, nkukwera galimoto ya Emmett, ija ya mtanda pachitseko.